Kadiso ka Kuchipinda kwa Bambo

Bambo atadwala sitiroko anasiya kulankhula, kuyendanso kunavuta. Munthu amene ankalamula nyumba yathu yonse ku Soche ndi kutsokomola kokha anangokhala chigonere kuchipinda, dzanja lamanzere lokha likugwira ntchito.

Mlamu wanga, amene amakhoma madishi a kanema ku Limbe, anakoka waya kuchokera pa dikoda ya pabalaza, kudutsa kudenga, mpaka pa kawailesi kakanema ka kuchipindako. Pamwamba pake anamatapo kadiso kakuda, kochepa ngati batani la jekete. Anatiuza kuti bambo akaloza limoti pa kadisoko, uthenga uzidutsa mu waya womwewo n'kukasintha tchanelo pa dikoda. Zoti dikodayo ndi imodzi, choncho akasintha iwo asinthira nyumba yonse, anatiuza atakwera kale njinga yake.

Basi ulamuliro unabwerera kwa mwini wake. Timati tikuonera mpira, wosewera watsala yekha ndi goloboyi, mwadzidzidzi pamatulukira mayi akuwerenga nkhani m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene bambo ankachimva mwa apo ndi apo, chotolera kwa makolo awo ochokera ku Mozambique. Ine mtima unkandipsa koopsa. Koma tinazolowera. Chipwitikizi chinkatanthauza kuti adzuka, ndipo akayamba kusinthasintha mosalekeza ndiye kuti akufuna munthu. Njira ina yotiitanira analibe.

Loweruka lina azakhali a ku Nancholi anabwera kudzawazonda, n'kuwakonzeranso m'chipinda. Atachoka tinaonera mpira popanda chosokoneza. Chigawo choyamba tinasangalala. Chachiwiri mantha anandigwira, ndipo ndinaona kuti aliyense akungoyang'ana chitseko, wosafuna kukhala woyamba kudzuka. Amayi ndi amene analowa.

Anapeza bambo ali moyo, thukuta lili kamukamu, akudinabe limoti. Azakhali anali atayala kansalu koluka pamwamba pa kanemayo poopa fumbi, monga amachitira kwawo ndi chilichonse chamagetsi. Kadiso kanali pansi pa maluwa a ulusi.

"Mwaitana nthawi yaitali, abambo?" anafunsa amayi akuchotsa kansaluko.

Bambo sanawayang'ane n'komwe. Analoza limoti pa kadiso, ife pabalaza n'kumva Chipwitikizi.

Anamwalira chaka chotsatira. Waya sitinachotse. Masiku ena mpira uli mkati amayi amalowa kuchipinda n'kutseka chitseko, kenako mayi wa nkhani uja amatulukira. Palibe amene amabweza tchanelo.