Mtima wa Denja pa Wotchi ya Adadi

Fungo la oyilo wa tcheni cha njinga likandipeza, ngakhale ndili pakati pa tauni, ndimabwerera ku Chelstone, pakhonde la kuseri kwa nyumba yathu, m'mwezi wa Okutobala wa chaka chimene ndinali giledi sikisi. Dzuwa la chaka chimenecho linali lankhanza. Malata ankalira okha masana, madzi a pampopi ankatuluka ofunda ngati tiyi woiwalika, ndipo maluwa a jakaranda ankagwa mumsewu n'kumamatira kunsi kwa mapatapata. Pawaya wa zovala pankalendewera malaya achikasu a adadi okwerera njinga, ndi kabudula wawo wakuda wothina, wa siponji kumatako. Kabudula ameneyo amayi ankamuyanika kuseri kwa mashiti, kuti azimayi anzawo a kutchalitchi akabwera asamuone.

Adadi ankagwira ntchito m'sitolo ya misomali ndi penti ku Kamwala. Mkati mwa sabata anali munthu wofatsa, wa malaya opisira, wosakonda zolankhula. Loweruka ankasanduka munthu wina. Ankavala chipewa cholimba chokhala ndi mabowo, magalasi onyezimira ngati phiko la ntchentche, ndi nsapato za tizitsulo kunsi zimene zinkawayendetsa ngati bakha pasimenti. Zonsezi anazitola m'salaula, pamsika wa zovala zakale, chimodzi chimodzi. Ankapalasa ndi ba Mulenga, aneba athu a ku Luapula, pamodzi ndi azibambo ena a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, aja a njinga zopepuka zonyamula ndi chala. Mmodzi wa iwowo ndiye anawapatsa wotchi ija atagula ina yatsopano. Inali yakuda, yaikulu, ndipo inabwera ndi lamba womanga pachifuwa. Lambayo ankamunyowetsa ndi malovu asanamumange, akuti kuti amve bwino mtima. Wotchiyo inkawerenga kugunda kwa mtima, n'kujambula pafoni njira yonse imene munthu wadutsa. Akabwerako ankakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kuwerengera manambala aliyense amene wapezeka pafupi, ngati mlaliki wopanda mpingo.

Ine dzina langa ndine Tisa, ndipo mumzere wathu wonse wa nyumba ndinkadziwika. Ndine ndinaika chule m'chikwama cha aphunzitsi a Sande sukulu. Ndine ndinasinthanitsa mchere ndi shuga tsiku limene kunabwera alendo ochokera ku Katete, ndipo mpaka pano ndikakumbukira nkhope ya azakhali aja akumeza tiyi mwaulemu ndimaseka ndekha mu minibasi. Amayi ankati ndinabadwa ndi manja oyabwa. Mnzanga pa zonsezi anali Denja, galu wathu wofiirira, wowonda, wa ubweya waufupi, amene sanaopsezepo mbala koma ankadziwa bowo lililonse la mumpanda.

Chinthu chimodzi chokha m'nyengo imeneyo sichinandiseketse. Loweruka lina amayi anandituma tomato kumsika. Pobwerera, pafupi ndi ngalande yaikulu, ndinaona njinga ya adadi itagona m'udzu wouma, gudumu lakumbuyo likuzungulirabe pang'onopang'ono. Iwo anali atakhala pansi, chipewa chili pabondo, dzanja lili pachifuwa. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa la m'mbaula, ndipo ankapuma ndi pakamwa. Atandiona anayesa kumwetulira. Anati ndi dzuwa chabe, anati madzi anawathera m'njira, koma botolo linali lodzaza ndikuliona. Kenako anandigwira pamkono ndi dzanja lozizira.

"Usakauze amayi ako. Wamva, Tisa?"

Ndinamva. Tinayenda limodzi akukankha njinga, nsapato zikugogoda pamiyala, ndipo titatsala pang'ono kufika pageti anakweranso kuti alowe ngati munthu amene wapalasa mpaka kunyumba.

Amayi sindinawauze, komabe iwo anali ndi maso awoawo. Ankaona adadi akuima pakati pa bwalo ndi ndowa ya madzi ngati aiwala kumene akupita. Ankawauza kuti apite kuchipatala, ankawakumbutsa za agogo aamuna amene anagwa m'munda osadzukanso. Adadi ankangokweza mkono n'kuloza wotchi. Ankati chinthu chimenechi sichinama, chikanaona vuto chikananena, ndipo munthu wopalasa mpaka ku Chongwe ndi kubwerako sangafole pamzere wa odwala. Mkanganowo unkachitika motsitsa mawu, kukhitchini, mbale zikulira kuposa anthu. Ine ndinkamvetsera pazenera.

Musandiyese mwana wanzeru amene anakonza zopulumutsa bambo ake. Ayi ndithu. Chimene ndinachita Loweruka lotsatira ndinachichita chifukwa chinali chokoma kuchita. Adadi anafika masana atatopa, anavula wotchi ndi lamba, anaziika pazenera la bafa n'kulowa kukasamba. Ndikudutsa ndinaona kuti manambala akuyendabe: anaiwala kuimitsa. Denja anali atagona mumthunzi, lilime panja. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana galu, manja anayamba kuyabwa. Ndinkangofuna kumva adadi akuwerengera ba Mulenga mtima wa galu monyadira.

Ndinanyowetsa lamba pampopi, ndinanyowetsanso chifuwa cha Denja, ndinamuzunguliza lambayo kawiri kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Wotchi ndinaimangirira pachingwe cha m'khosi. Kamtima ka pagalasi kanayamba kuphethira, ndipo ine ndinatsala pang'ono kudzikodzera ndi chimwemwe. Ndinatola fupa n'kuliponya kuseri kwa mpanda. Denja analowa pabowo, anadutsa m'munda wa repu wa ba Mulenga, anapeza nkhuku, anaiwala fupa. Anazithamangitsa kuzungulira dzala katatu, anaima, anayambanso. Madzi atasiya kulira m'bafa, ndinali nditabwezera zonse pazenera, nditachotsa ubweya umodzi umodzi ndi zikhadabo.

Madzulo, dzuwa litapepa, anakhala pansi pa mango monga mwa masiku onse. Ba Mulenga anabwera ndi kampando kawo, akupereka moni wawo wa "shani, shani" kwa aliyense mpaka kwa galu. Amayi ankasankha nyemba palichero. Ine ndinakhala pasitepe, chibakera chili pakamwa. Adadi anatsegula foni, anayamba ndi makilomita, kenako anafika pa mtima n'kusiya kuwerenga. Ba Mulenga anasuzumira. Mzere wa mtima umene masiku onse unkakwera ndi kutsika ngati mapiri a kumudzi, kumapeto kwake unali ngati mano a sowo. Unkadumpha kupitirira mazana awiri, kugwa, kudumphanso. Ba Mulenga anaimba kamluzu kotsitsa. Anati iwo sanaonepo zotere mwa munthu wamoyo, ndipo izi zachitika munthu atafika kale pakhomo, akupuma. Anayesa nthabwala yoti mwina amayi anawalandira ndi nkhani ya apongozi, koma palibe anaseka. Amayi anaika lichero pansi.

Ndinadikira kuseka kwanga, koma sikunabwere. Adadi anakulitsa mapu ndi zala ziwiri, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza maso pamwamba pa magalasi awo owerengera. Anayang'ana Denja, anayang'ana ine. Ndinaona kuti lamba wa buluku wayandikira. Koma anangozimitsa foni n'kuiika chafufumimba pabondo.

"Amake Tisa," anatero, "wotchi yanena. Lolemba tipite."

Anapita Lolemba m'mawa, amayi atanyamula chitenje ndi fulasiki. Madzulo amayi anabwera okha. Anati adokotala awagoneka, akufuna kuwapima zambiri, mwina pakhala opaleshoni, mwina ayi. Anatenga bulangeti, sopo ndi mswachi, anandiuza kuti ndizigona kwa ba Mulenga, n'kubwerera.

Masiku amenewo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Kunkatentha, mitambo inkasonkhana masana n'kubalalika osagwetsa kadontho. M'kalasi ndinkangoona mipeni. Mwana wa ba Mulenga anandiuza kuti pa opaleshoni ya mtima amadula nthiti ndi sowo, ndipo ine ndinawerengera bwinobwino: adadi akawang'amba chifukwa cha mtima wa galu wothamangitsa nkhuku. Ndikanena, awatulutsa, andikwapula, nkhani itha. Koma ndikangotsegula pakamwa ndinkaonanso gudumu lija likuzungulira m'udzu, ndi nkhope ya phulusa ija. Ndikanena, abwerera panjinga Loweruka. Ndinali ndi zinsinsi ziwiri, changa ndi chawo, ndipo sindinkadziwa kuti chimene chiwaphe n'chiti. Chakudya cha kwa ba Mulenga, kapenta wokazinga bwino ndi tomato, ndinkapatsa Denja mobisa. Iye ananenepa sabata imeneyo.

Lachinayi amayi ananditenga. Tinakwera minibasi ziwiri, tinadutsa m'tauni pakati pa ogulitsa madzi ozizira ndi makondakitala okuwa, mpaka kuchipatala. M'wodi munkanunkha mankhwala okolopera ndi malalanje. Adadi anali pabedi la pafupi ndi zenera, atavala malaya ogonera a mizeremizere amene sindinawaonepo. Pachifuwa pawo anamatapo timawaya, ndipo pamkono pamene pankakhala wotchi panali kamzere koyera. Ankaoneka aang'ono. Amayi atatuluka kukatsuka makapu, ndinayandikira. Ndinali nditaloweza mawu anga m'njira monse. Ndinayamba kuti adadi, tsiku lija muli m'bafa, wotchi ija, ine. Anandidula ndi dzanja, ngati mmene ankaimitsira galimoto akafuna kukhota ali panjinga.

"Denja wadya?"

Ndinati wadya. Anati ndizimusamala galu ameneyo, ndi wothamanga. Kenako anandifunsa za mayeso a masamu, ndipo amayi analowa ndi makapu. Ndinatuluka m'chipatala ndili wokwiya, ndikuganiza kuti matenda awagonthetsa makutu.

Sanawang'ambe. Anatuluka patapita masiku ena angapo ndi thumba la mapiritsi ndi pepala la malamulo. Amayi anafotokozera ba Mulenga pampanda kuti mtsempha wina wa mtima unali utachepa njira, ndipo adokotala anati ulendo umodzi kapena awiri ena padzuwa lija bwenzi tikulankhula zina. Zopalasa mothamanga zinatha. Njinga anaikoloweka kudenga la khonde ndi mawaya awiri, ndipo inkadontheza oyilo pasimenti mpaka inauma. Kabudula wa siponji amayi sanavutikenso kumubisa. Tsiku loyamba kunyumba, pa chakudya chamadzulo, adadi anatenga nthuli yawo ya nyama, imene tsopano inali yoletsedwa, anatuluka nayo panja n'kuiika pamaso pa Denja. Amayi anadandaula kuti nyama si yoseweretsa. Iwo anakhalanso pansi n'kupitiriza kudya.

Mvula yoyamba inagwa Loweruka lina m'mamawa. Fumbi linanunkha, ana a mumzere anatuluka osavala malaya. Ine ndinapeza adadi ataima pageti ndi kapu ya tiyi wopanda shuga, akuonerera ba Mulenga ndi anzawo akudutsa, misana yonyowa, matayala akuwaza madzi. Mmodzi anakuwa kuti a Phiri, mutipeza kutsogolo. Adadi anakweza kapu. Anaimabe pomwepo msewu utatsala wopanda munthu, chala chikusisita kamzere koyera ka pamkono. Sindinawaonepo achisoni chotero, ngakhale pamaliro.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti ndinapusitsa nyumba yonse, ba Mulenga, ndi madokotala omwe, ndipo kuti mwamwayi chabe bodza langa linagwera pa choonadi. Ndinkanyada nazo usana, n'kumaziopa ndikakhala ndekha. Ndinali nditafika giledi teni pamene ndinapeza foni yakale ija m'kabati n'kuitchaja. Ulendo womaliza unalimo. Ndinakulitsa mapu ndi zala ziwiri monga anachitira iwo. Mzere unkachoka kunjira ya ku Chongwe, kulowa pageti pathu, kenako kutuluka pabowo la mpanda limene ngakhale ine sindinkakwanapo, kudutsa m'munda wa repu, n'kuzungulira dzala katatu. Munthu aliyense wamaso akanaona. Ndipo madokotala, ndinadziwa pambuyo pake, sagoneka munthu chifukwa cha wotchi. Ali ndi makina awoawo.

Adadi sakanatha kuuza amayi kuti chifuwa chakhala chikuwapweteka kwa miyezi, kapena kuuza azibambo a ku Kabulonga kuti thupi lakana. Koma anali atanena pamaso pa onse kuti wotchi sinama, ndiye wotchi itanena, akanatha kupita kuchipatala ali chiimire, osachita manyazi. Ine ndinawasungira chinsinsi cha pangalande, iwo anandisungira cha galu, ndipo mpaka lero palibe watchulapo chilichonse. Akadali moyo, amayenda wapansi m'mawa uliwonse mpaka kumsika. Denja anafa chaka chatha, ndipo adadi ndiwo anakumba dzenje, pang'onopang'ono, akupumira, osalola munthu kuwalandira khasu. Kupepesa sindinapepese. Lamba wa pachifuwa uja akadali m'kabati, ndipo manja anga akadayabwabe.