Mapiritsi a m'thumba la jekete

Ndinanyamuka kwathu kufupi ndi Milonde cha m'ma sikisi m'mawa, Yankho ali kumsana, kabotolo ka makhololo a bambo ake nditakamanga m'kansalu. Bambo a Yankho anali atatha miyezi iwiri akumwa mankhwala a TB, ndipo tsiku loyeza ngati mankhwalawo akugwira linali litakwana. Iwo anati sangapite, mawondo akuwawa. “Kangosiya kabotoloka, ubwere ndi pepala. Akapitawo akuti popanda pepala lakuchipatala sindibwerera kothyola tiyi.”

Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Iwo atalowa kubafa ndinatsomphola jekete lawo pamsomali n'kuvala.

Wakabaza wanjinga yamoto anandiuza K2,500 mpaka pamsewu wa tala. Ine sinditha kunenerera, ndinangokwera. Msewu unali woterera, ndipo pamene pali dzenje iye ndi pomwe amawonjezera moto. “Gwirani mwana, mayi, ine ndagwira njinga!” Ndinagwira mwana ndi dzanja limodzi, linalo kabotolo.

Patala ndinapeza minibasi yopita kuboma. Kondakitala ankakuwa kuti watsala munthu mmodzi. Nditakwera anakwezanso anthu asanu, matumba awiri a nanazi ndi tambala. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachikulire wogulitsa nthochi, amene anampatsa Yankho imodzi osafunsa.

Tili pakati pa minda ya tiyi kondakitala anayamba kutolera. K2,000 yanga ndinali nditaiponya m'thumba lam'kati la jekete. Popisa dzanja ndinakhudza kajumbo komanga pakamwa. Ndinakatulutsa, kanamasuka, ndipo mapiritsi ofiirira a TB anakhuthukira pachitenje panga. Sanali atatu kapena anayi. Anadzaza dzanja, ena n'kugwera pansi pa mpando.

Ndiyenera kufotokoza. Tsiku limene anawapeza ndi TB, anesi anandilemba ine kukhala gadiyani. Ntchito yanga inali kuona kuti amwa mankhwala m'mawa uliwonse, kenako n'kuchonga pakhadi. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma kuchonga ndimatha. Ndinkawapatsa mapiritsi ndi kapu ya madzi nditagwada, iwo n'kutulukira nazo kuseri kwa nyumba, n'kubwera kapu ilibe kanthu. Ndinkachonga. Pondilangiza ukwati palibe anandiuza kuti mkazi angauze mwamuna wake kuti ayasamule aone m'kamwa.

“Mwanawe, a ndani amenewa?” anafunsa mayi wanthochi, akunditolera.

“A bambo a mwanayu.”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Yankho. “Mwanayu amagona kuti?”

“Pakati pathu.”

Mayiwo anangoti “Mhm,” n'kutembenukira pawindo. Kondakitala ndiye anati, “Asisi, famase mukatsegulira kuboma, pano ndipatseni yanga.” Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Masabata onsewo ndinkadzuka kukamphikira munthu phala kuti mankhwala asamupweteke m'mimba. Ndinkawasiyira dzira ine n'kudya chigwada. Ndipo Yankho anali atatha masiku anayi akutsokomola, ine n'kumati ndi chiperoni.

Tinafika kuboma cha m'ma naini. Ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala, ndipo njira yonse ndinkakangana ndekha. Ndikanena, ndawayalutsa amuna anga pamaso pa anthu. Ndikapanda kunena, khadi ndi loyera, lochongedwa bwino ndi dzanja langa lomwe.

Pawindo la kulabu, koyezera makhololo, ndinaima ola lathunthu. Ndinagula chinangwa chophika cha K500. Itafika nthawi yanga, bambo wovala malaya oyera ndi magolovesi analandira kabotolo, n'kukakweza kumene kukuchokera kuwala, n'kukapendeketsa.

“Mayi, awa ndi malovu.”

Anakaika pambali n'kupitiriza.

“Ife timafuna zochokera pansi pa chifuwa, zolimba zija. Timazipaka pakagalasi, n'kuthira mankhwala a mtundu, n'kuyang'ana pamakina ngati tizilombo tikadalimo. Timayeza pano pa miyezi iwiri, tidzayezanso pa isanu, ndi pomaliza. Malovu sanena kanthu. Ndikayeza awa ndikhoza kulemba kuti mulibe, pamene munthu akutha. Sanamuuze katsokomoledwe kake?”

Anawauza. Ine ndinalipo. Anesi anachita kuwaonetsa: kupuma kwambiri katatu, kenako kutsokomola mochokera pansi, panja, m'mawa asanadye. Bambo a Yankho si mwana. Ankadziwa chimene akulavula, ndipo ankadziwa pepala limene likanatuluka.

Pamenepo manyazi anandithawa. Ndinatulutsa kajumbo kaja n'kukaika pawindo mwamphamvu mpaka anthu apamzere anasuzumira. “Nanga awa muyeza?”

Bamboyo sanaseke. Ananditengera yekha kuchipinda cha anesi a TB. Anesiwo anayala khadi ndi mapiritsi patebulo, n'kuwerenga. Ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo ndinakonzeka kubweza.

“Mwachonga ndinu?”

“Ndine. Ankamwera kuseri.”

“Si inu oyamba. Munthu akayamba kupeza bwino amayesa wachira. Koma akamadumpha chonchi tizilombo timazolowera mankhwala, ndiye matenda ake amavuta kuchiza, ndipo amene amapuma naye mpweya umodzi ndi amene amatenga. Mawa abwere mwiniwakeyo ndi miyendo yake. Tiyeza makhololo enieni, tionenso ngati mankhwalawa akadali ndi mphamvu pa iye. Tsitsani mwanayo timuone.”

Anamuika Yankho pasikelo, anamumvetsera pachifuwa, anandifunsa ngati amatentha thupi ndi ngati akuyamwa. Anati abwerenso mawa lomwelo pamodzi ndi bambo ake kuti amuyeze bwinobwino. Anandipatsa kabotolo katsopano, kopanda kanthu.

Pobwerera minibasi inaphulika tayala pakati pa tiyi, tinakhala panja mphindi zambiri. Ena ankadandaula. Ine sindinamve kuzizira ngakhale jekete ndinali nditalivula n'kulipinda m'manja. Sindinafunenso kuti likhudze thupi langa.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Bambo a Yankho anali pakhonde akukonza wailesi, mawondo owawa aja atawapinda bwinobwino.

“Pepala lija?”

Ndinawaponyera jekete pamiyendo. Anapisa dzanja m'thumba lam'kati, n'kulitulutsa pang'onopang'ono.

“Amandiphwanya m'thupi,” anatero osandiyang'ana. “Ndimafuna ndikagwire ntchito, tidye.”

“Mukanene zimenezo kwa anesi mawa. Yankho akutsokomola.”

Anaweramira pawailesi paja. Usiku umenewo ine ndi mwana tinakagona kwa amayi anga, kuseri kwa khola.

M'mawa mwake ndinabwera kusanayere bwino ndi kabotolo katsopano kaja. Ndinawatulutsa pabwalo. Anafuna kuzungulira kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse, ine n'kuwatsatira. Anapuma katatu, anatsokomola mpaka misozi, ndipo zimene zinatuluka sizinali malovu. Ndinatseka kabotolo ndekha. Kenako ndinawapatsa mapiritsi ndi kapu ya madzi, nditaimirira.

Ulendo wonse uja unandiphunzitsa mawu amodzi okha, amene sindinawanenepo kwa mwamuna chibadwire. Atameza ndinawanena.

“Yasamulani.”

Anandiyang'ana. Kenako anayasamula.