Nditembenuzeni, Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene katapila anafika kwathu ku Likoma. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anabwera pa chombo chathyathyathya chonyamula katundu, ndipo tsiku lomutsitsa ku Chipyela anthu anasiya malonda pamsika kukaonerera. Pachilumba pathu tonse tinkayenda pansi, ndiye kuona chinthu chachikasu chamkono umodzi chikukwawa pa matcheni, mayi wina wachikulire anagwira pakamwa n'kufunsa kuti, "Chimenechi chikadya miyala yonse, chinangwa tiziyanika pati?" Anamubweretsa kudzakonza msewu ndi kukumba ngalande m'mbali mwake, kuyambira ku Chipyela kulowera kwathu ku Khuyu.

Pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine Monika, ndi mng'ono wanga Agnesi wa zaka zisanu ndi zitatu. Atate anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo Joniyo anawameza. Amayi anali ndi vuto la msana. Anaterereka pathanthwe atasenza chinangwa chonyowa, ndipo kuyambira pamenepo chinthu cholemera chikangokhala pamutu pawo miyendo inkachita dzanzi. Tsono boma litachotsa fizi, ana onse n'kukhamukira kusukulu, amayi anatiyang'ana awirife nati, "Wina apite, wina atsale. Agnesi beseni sangalithe." Nkhani inathera pomwepo.

Ine ndiye ndinali wa beseni. Kukumba chinangwa, kusenda, kukaviika kumadzi, kuvuula, kuyanika pamwala, kusinja. Amene anagwirapo chinangwa choviika akudziwa fungo lake, silichoka ndi sopo. Agnesi ankadzuka n'kudzola mafuta miyendo mpaka kuchita phuliphuli, kuvala yunifolomu yabuluu, uyo wapita. Pobwera m'manja mwake munkanunkhira choko. Sindinkamuchita kanthu mwanayo, koma ndinkamuwerengera chilichonse. Akamaimba zilembo zake pakhonde ine ndinkasinja mwamphamvu kuti mtondo umuphe mawu. Anthu akadutsa ankati, "Agnesi, wakhoza nambala chani?" Kwa ine ankati, "Monika, ufa ulipo?"

Anthu a katapila atayandikira kwathu, amayi anayamba kuwaphikira chinangwa ndi tiyi, ndipo wokapereka ndinali ine. Woyendetsa anali a Manda, Mtonga wa ku Nkhata Bay, bambo wamfupi wokonda nthabwala. Akandiona ndi ketulo ankazimitsa injini n'kukuwa kuti, "Apongozi afika, manja m'madzi!" Podikira makapu ndinkakhala pansi pa mlambe n'kumayang'ana chidebe cha kumapeto kwa mkono uja. Chinali chachikulu, mwana akanagonamo osapinda miyendo. Pamlomo pake, pamene chinkalasa nthaka, panali chitsulo china chachitali chomangidwa ndi mabawuti. Iwo ankachitchula kuti mpeni. Chidebe chonse chinali ndi penti yake, koma mpeniwo unali mbee, wonyezimira ngati supuni, chifukwa dothi la kwathu ndi mchenga ndi miyala yokhayokha.

Tsiku lina ndinawapeza katapila atamugoneka mkono pansi. A Manda ndi anzawo ankalimbana ndi mabawuti, sipanala ataiwonjezera paipi kuti italike, wina akuiponda ndi mwendo. Atamasula onse anauchotsa mpeni uja, n'kuutembenuza, mbali imene inali kumbuyo ikhale kutsogolo, n'kuumanganso.

"Bwanji mwaubwezera womwewo?" ndinafunsa.

"Gwirani apa, apongozi," anatero a Manda. Ndinagwira mbali yakale, inali yopyapyala, yodyeka ngati khasu la chaka chachitatu. Ndinagwira inayo, yokhuthala bwinobwino. "Mpeniwu uli ndi mbali ziwiri. Ina ikadyeka timatembenuza. Zonse zikatha timamanga watsopano. Ntchito yake ndi kudyeka kuti chidebe chisadyeke. Mpeni ndi wogula, koma chidebe chikang'ambika mlomo, ntchito yaima, tonse tikakwere sitima."

"Nanga mukauiwala osautembenuza?"

"Mchenga sudikira. Umadya mpaka pa mabawuti, kenaka umalowa m'chidebe. Ndiye ine m'mawa uliwonse ndimayamba ndagwira apa ndisanamwe tiyi wanu wopanda shugayu."

Anzawo anaseka, ine sindinaseke. Njira yonse yobwerera ndinkayang'ana zikhatho zanga. Ndinati ohoo, kodi ndi mmene zilili. Mpeni ndi ine. Chidebe cha penti ndi Agnesi.

Miyezi itapita mpeni uja unatha mbali zonse, ndipo sitima inabweretsa watsopano. Wakalewo aphunzitsi anaupempha kuti ukhale belu, pakuti lawo linali litang'aluka. Anaupachika ndi waya pamtengo wa mango, ndipo unkalira bwino, ngwee, kumveka mpaka kumadzi kumene ndinkaviika chinangwa. Tsono mverani izi. Pa ana onse a pasukulupo, amene anamusankha kuti aziimba belulo anali Agnesi, ati chifukwa safika mochedwa. Akanachedwa bwanji, madzi osamba ankamutungira ndine? Chitsulo chimene ine ndinachiona chikudyeka tsiku ndi tsiku, chimene ndinachigwira ndi dzanja langa, lero chikulira m'manja mwa Agnesi kuitana ana a eni, ine ndili m'madzi mpaka m'mawondo. Tsiku limenelo mtima unandiwawa mpaka malovu anandiwawira m'kamwa.

Nditafika kunyumba ndinatula beseni mwamphamvu. Amayi ankapeta ufa.

"Amayi, nditembenuzeni."

"Ukuti chiyani iwe?"

"Ngakhale chitsulo amachitembenuza. Ine ndadyeka mbali imodzi. Agnesi apite kumadzi, ine ndipite kusukulu."

Ndinkayembekeza mthiko pamsana. Amayi anangoika lichero pansi, n'kutenga dzanja langa, kulitembenuza uku ndi uku, kuyang'ana ming'alu ya m'zala. Kenaka anati, "Wanena zoona. Lolemba upite."

Ndinapitadi, nditavala diresi langa la kutchalitchi. Anandiika sitandade wani, pansi, pakati pa tiana tamamina, mutu wanga uli pamwamba pa onse ngati mgwalangwa m'munda wa chinangwa. Tianato tinkanditcha aunti. Kamnyamata kena kanagwira mphuno n'kunena kuti m'kalasi mwalowa kondowole. Zonsezo ndinapirira, chifukwa aphunzitsi anandigwira dzanja n'kundilembetsa chilembo choyamba cha dzina langa, chija cha mapiri awiri. Ndinachilemba pansi ndi chala, pakhoma ndi khala, ngakhale pa ntchafu ndi kamtengo. Tsiku limenelo belu anaimba mnyamata wina, ndipo ndikamaganiza kuti Agnesi ali kumadzi akununkha ngati ine, mumtima munkazizira bwino.

Mawa lake ndinalawirira, Agnesi ndinamusiya ali pamphasa. Tili pamzere, belu linalira. Nditatembenuka ndinaona woimba ndi Agnesi, yunifolomu yabuluu, miyendo phuliphuli. Poyamba ndinapsa mtima, ndinati mwanayu wazemba ntchito. Ndinapita pomwepo n'kumugwira mkono.

"Iwe ukutani kuno?"

"Amayi anandiuza ndibwere, achemwali. Dzulo beseni linandigwetsa, chinangwa chonse mumchenga. Ati ndisadzayesenso."

"Nanga kumadzi kuli ndani?"

Anangoyang'ana kachitsulo koimbira belu kamene anali nako m'manja.

Sindinatsanzike aphunzitsi. Ndinathamanga njira yachidule ya m'miyala, ndipo ndisanafike kumadzi ndinawaona amayi panjira yokwera. Anali atagwada, beseni lodzaza lili pambali, nkhata itagwera kutali. Ankayesa kudzuka atagwira thanthwe, miyendo ikukana. Madzi a chinangwa anali atawayenderera kumaso mpaka m'khosi. Atandiona anakwiya.

"Wathawa sukulu tsiku lachiwiri lomweli?"

"Bwanji simunanene kuti mubwera ndinu?"

"Ukanapita?"

Ndinatola nkhata ija, kuikung'untha, kuiika pamutu panga. Amayi anandithandiza kusenza ali chogwada, kenaka anagwira phewa langa n'kudzuka, tinakwera pang'onopang'ono. Kumbuyo kwathu katapila ankabangula, mpeni watsopano ukukukuta miyala. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndinalakwitsa kuwerenga. Chidebe sichinali Agnesi ayi. Agnesi anali mpeni umene unali usanafike pomangidwa. Chidebe anali amayi, ndipo nditangochoka pamlomo tsiku limodzi lokha, mchenga unawalowa.

Amayi anagona masabata angapo osatuluka panja. Kusukulu sindinabwererenso. Agnesi atakula moti n'kulitha beseni, ine ndinali kale mtsikana wamkulu, manyazi okhala pansi ndi tiana anali atandikulira, ndipo posakhalitsa ndinakwatiwa. Katapila anamaliza ntchito yake n'kukwera chombo. A Manda ponditsanzika anati, "Apongozi, shuga muzithirako," osadziwa kuti mawu awo a pa mabawuti aja anandigwetsera chiyani pakhomo.

Agnesi lero ndi namwino kumtunda, kutsidya kwa nyanja. Ndi munthu wabwino, sindingamunamizire. Amayi atadwala matenda awo omaliza anawasamala ndi iyeyo, ndipo akabwera kuno amandiwerengera mauthenga a pafoni mosanyinyirika. Koma akatulutsa magalasi ake m'chikwama n'kuyamba kuwerenga, kanthu kaja kamanditsinabe pansi pa nthiti. Nsanje ija sinathe. Yangodyeka, siichekanso.

Amayi sindiwaimba mlandu, analibe mpeni wina woti amange. Chimene ndinatolapo n'chakuti mwana woikidwa kutsogolo amafunika kumugwira m'mawa uliwonse, monga ankachitira a Manda, osadikira kuti adzanene yekha, chifukwa pomwe azidzanena ndiye kuti zafika pa mabawuti. Ana anga ndinawalera motembenuza. Uyu akapita kumadzi lero, mawa apita mnzake, ndipo kusukulu onse, ngakhale ufa uchepe. Mwana wanga woyamba, amene tsopano wandipatsa mdzukulu, ankadandaula kuti ndimamuyang'ana m'manja ngati ndikufuna nsabwe.

Belu lija likadali pamtengo wa mango, mbali zonse ziwiri zopyapyala. Likalira m'mawa ndimaimitsa musi pang'ono kuti ndilimve. Ndipo pepala likabwera lofuna dzina langa, sindilola kuti andidetse chala ndi inki. Ndimapempha cholembera, n'kulemba mapiri anga awiri aja, ndekha.