Alangizi atatu ndi wilibala ya ku Chinsapo

Ndili chaka chachitatu ku yunivesite ndinalowa kagulu ka ophunzira kopereka uphungu waulere kwa mabungwe ang'onoang'ono. Ndisanamizire chifundo, chimene chinandikoka chinali satifiketi, poti aliyense ankati masiku ano digiri yokha siipezetsa ntchito. Bizinesi yokhayo imene ndinali nditayendetsapo inali yogulitsa zitumbuwa za mayi anga pa holide, ndipo theka ndinkadya ndekha.

Anatigawa atatuatatu. Ine ndinagwera pamodzi ndi mtsikana wina wa ku Area 25 amene ngakhale kuyetsemula ankayetsemula m'Chingerezi, komanso mnyamata wamtali wa ku Biwi amene sankavula jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Iyeyu ankatiuza kuti bambo ake ndi injiniya. Otsogolera kagulu kaja anatitumiza ku Chinsapo, kwa amayi ena amene ankatola zinyalala pamsika n'kumapanga manyowa ogulitsa kwa alimi a m'madimba.

Tinatsika minibasi, tinakwera kabaza, kotsalako fungo linatilondolera lokha. Tinapeza amayi khumi ndi awiri akutembenuza milu ndi mafosholo. Tcheya wawo anali mayi wonenepa wa ku Mangochi, wofunda mpango mpaka m'mapewa. Anayamba kutiyang'ana nsapato, nkhope pambuyo.

Mtsikana uja anatsegula laputopu pamaondo. "Amayi, tiyambe ndi masomphenya a gulu lanu. Ndi otani?"

"Masomphenya amaona ndi aneneri, mwanangu," anatero tcheya. "Ife timaona makoko a nthochi."

Amayi aja anaseka mpaka kutsamira mafosholo. Ine ndinalemba m'kope kuti gululi lilibe masomphenya.

Tinapitako Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu, kenako tinabwera ndi lipoti lonenepa, lonse m'Chingerezi. Tinawalangiza kuti dzina la gulu likhale lachizungu, atsegule tsamba pa intaneti, ndipo matumba awo azikhala ndi chithunzi cha mbewu yobiriwira. Womasulira ndinali ine. Mawu ena ndinkangowadumpha chifukwa nanenso sindinkawamva.

Tcheya anamvetsera mpaka kumapeto uku akudzikupiza ndi lipotilo.

"Mwatha? Inu ndinu gulu lachitatu. Oyamba anatisiyira chikwangwani, chija tatsekera khola la nkhukucho. Achiwiri anatisiyira matisheti. Onse anatijambula. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti bwanji tikusenza zinyalala pamutu wilibala ili apo."

Tinacheuka. Inalipodi, itavundikirika pansi pa mtengo wa mango, ndipo ine ndinali nditakhalapo kawiri ndikuyesa mpando. Chitsulo chogwira tayala chinathyoka nthawi ya mvula. Wowotcherera wapafupi anachilumikiza kawiri, kawiri konse chinathyokanso wilibalayo isanafike pamsika. Kuyambira pamenepo amayi ankasenza ndi mabeseni, ndipo atatu anali atasiya gulu chifukwa cha kupweteka kwa khosi.

Mnyamata wa ku Biwi ananjuta, anagwedeza chitsulocho, n'kunena motsitsa mawu ngati akuulula tchimo: "Anangomata pamwamba ameneyo. Pofunika kudula apa, tiike paipi yokhuthala." Anavula jekete n'kundipachika paphewa ngati ndine msomali.

Kenako anati tiitengere kwawo ku Biwi. Kondakitala wa minibasi anaikana wilibalayo, choncho tinaimangirira pa njinga yamoto, ife tikutsatira pambuyo. Ku Biwi mnzathuyo anatilowetsa kanjira ka pakati pa magalaja, pamene tinapeza bambo wachikulire wa ovololo yakuda ndi oyilo akuwotcherera geti.

"Awa ndi bambo anga," anatero akuyang'ana pansi.

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva mtsikana wa ku Area 25 akulankhula Chichewa chopanda msanganizo. "Injiniya uja ndi amenewa?"

Bambowo anakweza magalasi awo akuda, anayang'ana mwana wawo. "Wakuuzani choncho? Zikomo, ndiye kuti andikweza paudindo. Tagwira apa, iwe." Mwana wawoyo anagwiradi, ndipo ankadziwa nthawi yotembenuza nkhope moto usanathetheke. Sipanathe ola, wilibala inaimirira. Bambowo anakweramo kuti aiyese, mwana wawo anawakankha kuzungulira galaja yonse anthu akuimba mluzu.

Titaibweza ku Chinsapo amayi analulutira, koma tcheya anati ayamika ikabwerako kumsika katatu. Inabwerako. Mwa atatu amene anasiya aja, awiri anabwerera. Dzina la gulu sanasinthe, ndipo za intaneti sanazitchulenso.

Pofotokozera aphunzitsi athu tinalemba kuti takonzanso dongosolo lonse la kayendedwe ka katundu wa bungwe. Anaomba m'manja, wina anati ntchito yathu ikhale chitsanzo kwa a chaka chachiwiri. Palibe mwa ife anatchula liwu loti wilibala.

Nditamaliza sukulu ndinatha miyezi ndikuzungulira m'maofesi ndi envulopu. Tsiku lina ndinakumana ndi tcheya pa siteji.

"Mukugwira kuti tsopano, alangizi?"

"Ndikufunafunabe, amayi."

Anapukusa mutu. "Bwerani Loweruka tidzakulangizeni. Nafenso sitilipiritsa."

Ndinapita, ndipo ndinanyamula nawo matumba kupita nawo kumadimba mpaka mvula itagwa, pamene msuweni wanga anandipezera ntchito yogulitsa inshuwalansi. Imeneyi siinunkha, koma agalu andithamangitsapo kanayi.