Masabata Awiri Opanda Mapiritsi

Achemwali anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anadwala matenda amene dzina lake lachizungu limandikanika mpaka lero. Anayamba ndi kulephera kudzuka pamkeka popanda kugwira khoma. Kenako manja anakana kukwera m'mwamba, moti kusenza ndowa kapena kupesa tsitsi kunafuna munthu wina. Ku chipatala chachikulu ku Lilongwe anatiuza kuti chitetezo cha m'thupi mwawo chasokonekera, chikulimbana ndi minofu yawo yomwe. Anawapatsa timapiritsi toyera tomwa m'mawa uliwonse, ndipo patapita miyezi ingapo anayambanso kupita kumunda, kukumba mtedza, ngakhale kukolopa m'tchalitchi Loweruka. Masaya anafufuma ndi mankhwalawo, ife n'kumawaseka kuti anenepa ngati mkazi wa mwini esiteti. Iwo ankangoti, "Sekani, bola ndikuyenda."

Ine ndine chitsiriza, ndipo ndivomere, ndine wapakamwa. Ndimagula mtedza m'midzi ya kuno kufupi ndi Guilleme n'kukagulitsa ku boda, pobwera ndimatenga zitenje za ku Chipata. Munthu wa m'maminibasi amamva zambiri, ndiye kunyumba ndinkadziyesa wailesi. Kaya ndi za feteleza, kaya za matenda, ndinkayankha munthu asanamalize n'kufunsa komwe. Achemwali anali amasiye, ofatsa, osayendayenda, ndipo zanga ankazimva.

Nthawi ya Kovidi ija, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anakwatiwa ku Chipata, anali woyembekezera koyamba. Achemwali analibenso nkhani ina. Anasoka matewera ndi timalaya, anakonza ufa wa phala n'kuusunga m'ndowa yovindikira. Ankafuna kukakhala naye m'chikuta, masiku oyamba aja mchombo usanagwe, kuti mdzukulu akamusambitse ndi manja awo monga anachitira amayi athu ndi ana athu. Koma pa boda ankafuna khadi la katemera. Ena ankangozemba njira za m'tchire pa njinga za kabaza, koma msana ndi ntchafu za achemwali sizikanapirira mabampu amenewo. Panatsala njira imodzi basi, kukabayitsa.

Iwo ankaopa. Ine ndinali nditabayitsa kale chifukwa cha geni yanga, ndiye ndinkawavinira pakhomo: "Taonani ine, ndafa? Mkono unangolemera tsiku limodzi, mawa lake ndinasenza thumba." Anaseka, n'kuvomera kuti tidzapite.

Tsiku lina ndikuchokera ku boda, mayi wina wogulitsa kaunjika anayambitsa nkhani m'minibasi. Anati m'bale wake anatsala pang'ono kufa chifukwa katemera anakumana ndi mapiritsi amene ankamwa. "Mankhwala awiri akakumana m'magazi amamenyana," anatero, "wopweteka ndi mwini thupi." Minibasi yonse inavomereza, kondakitala yemwe. Ine ndinainyamula nkhaniyo bwinobwino kukaitula kwa achemwali ngati mphatso.

"Achemwali, mapiritsi aja muyambe mwasiya. Sabata imodzi musanabayitse, sabata ina mutabayitsa, magazi ayere."

"Koma iwe, adokotala anati ndisadumphitse ngakhale tsiku limodzi."

"Adokotalawo ananena katemera asanabwere. Inu mumayenda kuti? Ine ndamva ndi makutu angawa."

Anayang'ana kabotolo kawo ka mapiritsi kamene kankakhala pazenera. Ndinaona kuti akayikabe, ndiye ndinakatenga ndekha n'kukaika m'chikwama changa, pakati pa zitenje. Ndinati ndikuwasungira kuti asayesedwe. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa mnzanga.

Itatha sabata, tinapita ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Mayi wa zaumoyo amene ankabaya anali wodekha, anafunsa achemwali bwinobwino: "Amayi, pali matenda amene mumadwala? Mukumwa mankhwala ena alionse?" Achemwali anatsegula pakamwa, koma ine ndinawadula. "Ayi, sakumwa chilichonse, ali bwinobwino." Ndinkaopa kuti akamva za matendawo awabweza, khadi n'kukanika. Anawabaya, anawalembera khadi, ndipo pobwerera achemwali analikulunga m'pepala la pulasitiki kuti lisade. Anali osangalala tsiku limenelo, anandigulira ndi chimanga chootcha.

Tsiku lachitatu anayamba kumva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi. Ndinati n'zodziwika, zimatha. Tsiku lachisanu ndinawapeza atakhala pamkeka dzuwa litakwera, atagwira khoma, miyendo ikukana. M'zikope ndi m'mfundo za zala munatuluka zofiirira ngati zimene anali nazo matendawa atangoyamba. Ndinaziona, komabe ndinati tidikire sabata ikwane. Ha, kuuma mutu kwanga! Pomwe ndinkatulutsa kabotolo m'chikwama, achemwali anali akutsamwa ndi phala lenilenilo, piritsi lomwe linali kuvuta kumeza.

Ndinapita nawo ku Lilongwe atagona pampando wakumbuyo. Adokotala, bambo wachikulire amene ankawaona kuyambira kale, anawapima n'kufunsa zonse. Atamva za katemera anati kwa anthu ena a matenda ngati amenewa, katemera amatha kuwadzutsa matendawo, koma kawirikawiri zimakhala zapang'ono ndipo zimatha munthu akamamwa mankhwala ake. Kenako anatenga kabotolo kaja, n'kukagwedeza, n'kuona kuti n'kodzadza.

"Amayi, mapiritsi awa simumamwa?"

"Ndinasiya masabata awiri."

Adokotala anavula magalasi. Anati mapiritsi amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, munthu akhoza kufa nazo. Anati sangathe kunena kuti chadzutsa matenda ndi katemera, kapena kusiya mankhwala, kapena zonse ziwiri, koma akanafunsidwa akanati apitirize kumwa. "Anakuuzani ndani kuti musiye?"

Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi, chikwama chomwe chija chili paphewa. Pakamwa panga paja, pamene sipatseka ngakhale pamaliro, panauma gwa. Achemwali sanandiyang'ane n'komwe.

"Palibe, adokotala. Ndinangoganiza ndekha."

Anawakalipira pamaso panga ngati mwana, iwo n'kumangoti, "Pepani, ndalakwa."

Mdzukulu anabadwa achemwali ali m'wodi, akudya kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Anali mwana wamwamuna. Ndinawaikira foni pakhutu kuti amve kulira kwake, misozi n'kumatsikira m'makutu chifukwa dzanja lopukutira silinkafika kumaso. M'chikuta munakhala agogo a kuchimuna. Ufa wa phala uja unachita anankafumbwe m'ndowa, ndinakathira nkhuku.

Titabwerera kumudzi, nkhani inali itafala kale kuti katemera wapundula mayi wa pakhomo paja. Kuchigayo, pamjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, anthu ankandigwira dzanja n'kumati, "Pepani, boma latipweteka." Amayi ena amene anakonzeka kukabayitsa anabwerera m'njira. Ine ndinkangogwedeza mutu. Kunena zoona, bodza limenelo linkandifunditsa, ndipo ndinkadana nalo ndikulifunda. Achemwali ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwanyamula popita kuseri, ndipo sananditchulire za kabotolo ngakhale tsiku limodzi. Bola akanandilalatira. Miyendo inabwerera pang'onopang'ono, lero amayenda ndi ndodo mpaka pakhonde, koma manja sanabwererenso.

Patatha miyezi itatu, mwana wawo uja anabwera kuchokera ku Chipata ndi khandalo kumbuyo. Tinali pakhonde masana, achemwali atatsamira khoma, titawaveka chitenje chatsopano. Mtsikanayo anagwada, anamasula mbereko, n'kuika mwana m'manja mwa amayi ake monga timachitira. Achemwali anayesetsa, ndinaona mitsempha ya m'khosi ikuima. Koma manja anangotsika okha, mwana n'kuyamba kutsetsereka. Ndinamuwakha ine asanafike pansi.

Mtsikanayo analira mokweza. "Katemera ameneyu! Mayi aang'ono, munawatengeranji kumeneko? Ndikanangobwera ndine!"

Pamenepo sindinathenso. Ndinanena zonse, mwana ali m'manja mwanga: za m'minibasi, za kabotolo m'chikwama, za yankho langa kwa mayi wa zaumoyo, za bodza la amayi ake kwa adokotala. Ndinati, "Amayi akowa ndinawapweteka ndine, mwana wanga. Ine ndi pakamwa pangapa."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anaimirira, n'kundilanda mwanayo, n'kukaima naye kumapeto kwa khonde atatifulatira. Sindinamudandaule, ndikanakhala ine ndikanachita zoposa pamenepo.

Achemwali ndi amene analankhula, ndi mawu awo otsika aja. "Iwe, m'bwezere mwanayo mayi ako aang'ono."

"Amayi, mwamva zimene anenazi?"

"Ndinazidziwa iwe usanazimve. Mawa ukwera galimoto kubwerera kwanu, wondisambitsa ndi yemweyu. M'bwezere, andiyandikizire. Iwe ukunjenjemera, umugwetsa."

Mtsikanayo anabwera n'kundipatsa mwana osandiyang'ana kumaso. Ndinagwada pafupi ndi achemwali, n'kumugoneka pachifuwa pawo, manja anga ali pansi pake kuti asagwe. Iwo anaweramitsa mutu, anamununkhiza paliwombo, anamuyang'ana zala ndi timakutu, nthawi yaitali. Mikono yanga inayamba kuwawa koma sindinasunthe.

"Wakula," anatero. "Ndinkafuna ndimuone akadali wofiira."