Kosi Imene Anandisankhila Msuweni wa Tasila

Anzanga, ine Aaron wa pa Kacholola mumandidziwa. Foni yakufa ndikangoigwila, imauka n'kupepesa!

Tasila ndinamudziwila pa nchito yomweyi. Anatsika basi ya ku Petauke, foni yake itagwela mu ndowa.

"Mungaikonze, bambo?"

"Amai, ine ndinakonzapo foni imene inapondedwa ndi truck ya chimanga. Mpaka lelo ikulila ku Minga."

Anaseka mpaka basi inamusiya. Chikondi chinayambila pamenepo.

Iye ndiye anandiuza kuti, "Manja uli nawo, koma pepala ulibe. Chita kosi ya makompyuta upeze certificate."

Ine ndinasankha networking ya online. Kuphunzila pa shopu yanga ya mafoni pomwepo, Tasila ali pambali panga.

Kenako kunabwela Febian wa ku Lusaka, mwana wa amalume ake a Tasila. Munthu wa IT, laptop kumbuyo ngati wabeleka mwana.

Kungofika: "Mkazi wanga, wanenepa!"

Ndinamuyang'ana Tasila.

"Iwe, ndi msuweni wanga! Asuweni amaseka choncho. Kwanu kulibe?"

Kuliko ndithu. Nanenso msuweni wanga Rabecca ndimamuuza kuti ndidzamukwatila. Koma sindimugulila data...

Febian anandikhazika pansi.

"Mlamu, za online izo n'zosewela. Mabwana amafuna munthu amene wakhala mu lab. Pita ku Kitwe, cyber security, miyezi sikisi. Ukabwela, mabanki adzakugwadila."

"Nanga ku Chipata kulibe? Ndi pafupi."

"Chipata? Mutu ngati wako uwu?"

Apo anandigwila, anzanga. Mutu wanga ndimaudziwa ine!

Koma mtima sunakhale pansi. Munthu uyu wakonda bwanji tsogolo langa kuposa amai anga ondibala? Ndinamufunsa Tasila.

"Nsanje yakoyo idzakumeletsa imvi uli pa mafoni a anthu," anatelo.

Ndinapita.

Poyamba tinali kulankhula tsiku lililonse. Kenako Tasila anayamba zoti, "network yavuta kuno ku Kacholola." Tsiku lina pa video call ndinaona laptop pa mpando.

"Febian waisiya kuti ndiphunzile typing."

Typing!

Ndinafuna kuthawa kosi, koma ndinalimba mtima. Ndinapasa mpaka alecturer anafuna kulila.

Nditabwela, ndinavala suti, certificate m'manja, ulendo kwawo. Amai ake anandipatsa mpando bwinobwino.

"Tasila ali kuti, amai?"

"Ah, simunamve, bambo? Ali ku Lusaka kwa amuna ake."

"Amuna ake ati?"

"Febian, mwana wa mlongo wanga. Ukwati wa asuweni suvutitsa ankhoswe."

Ndinanyamula certificate yanga n'kutsazika.

Kosi inali yabwino, pamenepo sananame. Koma anzanga, munthu akakusankhila kosi, usangofunsa zimene ukaphunzile. Funsanso kuti ili kutali bwanji, ndipo iye atsala ndi ndani.