Vaneti ya Amalume Ili Pamiyala

Anthu akandifunsa ngati ndili ndi galimoto ndimavomera, kenaka ndimasintha nkhani msangamsanga. Ndili nayodi. Ili kuseri kwa nyumba yanga ku Kapata, yakhala pamiyala, ndipo nkhuku za mayi a kunyumba zimaikiramo mazira. Ndi vaneti yakalekale yobiriwira, ya zija za mpando umodzi wautali kutsogolo ndi bodi yachitsulo kumbuyo. Sindikonda kuiyang'ana. Ndikafuna kukataya zinyalala ndimazungulira mbali ina ya nyumba.

Inali ya amalume anga, alongo awo a mayi anga. Moyo wawo wonse ankanyamulira anthu thonje, mtedza ndi chimanga kuchokera m'midzi ya cha ku Tamanda kubwera nazo ku Chipata. Maso awo atachita khungu anandiitanitsa kumudzi. Anali ndi ana awo aamuna, akuluakulu ndithu, koma kiyi anaika m'manja mwanga anawo akuona.

"Awa aigulitsa mawa lomwe," anatero amalume. "Iwe uisunge. Maso apita koma makutu alipo. Uzibwera nayo ndiziimva ikulira."

Kuyambira tsiku limenelo moni wa asuweni angawo unafupika. Ine ndinanyada. Ndine mphunzitsi, munthu wa choko, ndipo palibe amene anandikhulupirirapo ndi chinthu chachikulu chotero. Sukulu ikatsekera ndinkaliza galimoto kupita kumudzi. Amalume ankakwera n'kumandikalipira njira yonse kuti ndikusintha giya ngati ndikuthyola nkhuni. Ndinkasangalala nako kukalipako, chifukwa pa nthawi imeneyo ndi pamene ankaoneka ngati munthu wamaso.

Galimoto yakale simungaisunge nokha. Masipeya ake anasiya kubwera m'masitolo ine ndisanakwatire. Ndiye ndinalowa kagulu ka anthu okonda mavaneti akale, kamene kamakumana Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo ya atcheya athu. Atcheyawo ndi bambo wonenepa, wogulitsa misomali ndi penti, wa mawu ofewa ngati a mkulu wa mpingo. Enawo ndi anthu opuma ntchito, alimi angapo, ndi ena ongokonda fungo la oyilo. Palibe amene amadyera m'magalimotowo. Timangowakonda, monga ena akondera nkhunda. Munthu akamva kuti kufamu ina cha ku Katete kuli vaneti yakufa pansi pa mtengo, gulu lonse limanyamuka ngati likupita kuukwati.

Ndisanamepo, ndinkakonda Loweruka kuposa Lamulungu. Kabureta wanga atavuta, atcheya anandibweretsera wina atamukulunga m'thumba la feteleza. Ndinafunsa mtengo, iwo n'kuseka. "Aticha, kuno sitigulitsana. Timabwerekana chabe." Ndinapita kunyumba ndikuuza mayi a kunyumba kuti anthu abwino akadalipo pa dziko. Sindinafunse kuti kaburetayo wachokera m'galimoto ya yani.

Giyabokosi inandithera pochokera kumudzi chaka china, pa chitunda, mvula isanayambe. Anzangawo anandikoka ndi chingwe mpaka pakhomo. Galimoto inaima pa matayala ake kuseri kwa nyumba, ine n'kuyamba kusaka. Ndinayenda m'tinyumba tonse ta masipeya mumsika. Ndinanyengerera madalaivala a mabasi a ku Lusaka. Wina anandibweretseradi giyabokosi, yolemera ngati mwana wa ng'ombe, koma mabowo a mabawuti sanagwirizane ngakhale limodzi. Inali ya galimoto ya mtundu womwewo koma yobadwa pambuyo. Nthawi yonseyi palibe wa m'gulu amene anakhudza vaneti yanga, ngakhale kupempha natsi.

Mvula itayamba, kuseri kwa nyumba kunasanduka dambo. Ndinaona matayala akumira m'matope ndipo mtima unandiwawa. Ndinaganiza zoikweza pamiyala, matayala ndiwasunge m'nyumba. Jeke ndinakabwereka kwa atcheya omwewo. Ndinawauza chimene ndikufuna kuchita. Anandiyang'ana pang'ono, n'kundipatsa jekeyo ndi manja awiri. Sanandichenjeze ndi liwu limodzi, ndipo chimenechi sindidzawakhululukira.

Gulu lathu lili ndi lamulo limene sililembedwa ndipo salinena kwa munthu watsopano. Galimoto ikakhala pa matayala ake, ngakhale itafa chotani, ndi ya mwini wake. Ikangokwera pamiyala ndiye kuti mwiniyo wavomera kuti yagona, ndipo amene galimoto zawo zikuyenda akhoza kubwereka chilichonse, mwiniyo osakana. Amati zidzabwerera tsiku limene idzatsike. Ine ndinkayesa kuti ndikupulumutsa matayala, osadziwa kuti ndaitana anthu kuphwando.

Woyamba anabwera kudzatenga batire. Anati likangokhala lifa, bola lizigwira ntchito. Zinamveka zanzeru, ndinapereka. Wachiwiri anafuna sitata. Wachitatu nyali zakutsogolo. Onse ankabwera mwaulemu, "Odi, odi," atanyamula nthochi kapena kambale ka mtedza. Ena ankadikira kuti ndipite kusukulu, ndipo mayi a kunyumba, powadziwa kuti ndi anzanga, ankawapatsa madzi ndi sopo kuti asambe m'manja akamaliza kumasula. Ndikabwera madzulo ndinkapeza bowo latsopano.

Redieta itapita ndinapsa mtima. Loweruka ndinaimirira pansi pa mango paja n'kunena kuti zimenezi ndi umbava wovala jekete. Atcheya anapukuta manja ndi kasanza mosafulumira.

"Aticha, musakwiye. Kabureta amene munayendera zaka zonsezi, munamutola pamsewu?" Analoza ndi chibwano mkulu wina wowonda amene ankakhala kumapeto kwa benchi. "Ndi wa mudala uyu. Sanadandaulepo."

Ndinamuyang'ana mkuluyo. Nthawi yonse imene ndinakhala m'gulumo ankabwera pa njinga, ndipo sindinadzifunsepo chifukwa chake. Anandimwetulira ngati munthu amene wapeza mnzake m'chipatala. Ndinakhala pansi.

Chitseko cha mbali ya wokwera anatenga ndi atcheya eni ake. Ngolo ya ng'ombe inagunda chawo, ndiye anabwera ndi masipanala m'mawa wina n'kumasula changa ine ndikuyang'ana. Vaneti yawo ndi yoyera. Patapita masabata ochepa ndinaona chitseko changa chobiriwira chija atachipaka penti yoyera. Munthu sapaka penti chinthu chimene akufuna kubweza.

Ndinapitiriza kusaka giyabokosi ngati wamisala, chifukwa ndinkakhulupirirabe kuti ikapezeka zonse zibwerera. Ndinaipeza kutsidya kwa malire, cha ku Mchinji, kwa mayi wina wamasiye amene vaneti ya amuna awo inamera udzu pakhomo. Inali yeniyeni, mabowo onse pamalo pake. Ndinabwera nayo ndikuimba nyimbo zakutchalitchi. Ndinaiika pakhonde, ndinaifunditsa lona, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kuitanitsa zanga.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti mawu oti kubwereka ali ndi khomo lolowera lokha. Batire linali litafa kale. Nyali anali atabwereketsanso wina, winayo n'kupatsa mlamu wake wa ku Lundazi. Wa redieta anandigwira dzanja mwachikondi. "Manje aticha, ndikachotsa, yanga iima. Mufuna nayonso ikwere pamiyala?" Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, ndipo aliyense ankandiperekeza mpaka pamsewu. Sindinaonepo anthu aulemu chotero pokana.

Kumudzi ndinkapitabe, koma pa minibasi. Amalume ankamva mapazi anga pabwalo n'kudziwa kuti ndabweranso wapansi. Ndinkawauza za giyabokosi, iwo n'kugwedeza mutu n'kunena kuti chitsulo chimatopa, ndisataye mtima. Zinazo pakamwa pankandilemera. Asuweni anga amabwera m'tauni kawirikawiri ndipo anali ataona zonse. Sanaulule kwa bambo awo. Ankangondifunsa mokweza, akumwetulira, ngati nkhuku zikuikira bwino.

M'nyengo yozizira amalume anadwala chifuwa. Akazi awo anandiimbira foni. "Sakudya bwino. Akungofunsa za galimoto yawo. Ubwere nayo, mwana wanga, ngakhale aikhudze chabe."

Ndinapita kusitolo kwa atcheya ndili ndi mawu okonzeka, oti ndikawatsuke pamaso pa makasitomala awo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili yachisoni.

"Palibe pulobulemu, aticha. Tipita pa yanga. Ndi mtundu umodzi, ndipo mudala saona."

Ndinawauza kuti amalume anga sindiwanamiza. Koma ulendowo ndinavomera. Ndinkafuna kuti akaime pamaso pa mwini galimoto, akafotokoze okha lamulo lawo lokongolalo.

Tinafika kumudzi dzuwa lili pamutu. Tisanatsike n'komwe, akazi a amalume anali atafuula kale kuti galimoto yabwera. Amalume anatuluka atafunda bulangeti, mwana wawo wamkulu atawagwira mkono. Anali atatha thupi. Nkhope yawo inali itawala, ndipo mawu onse amene ndinakonza anandithawa.

"Tabwera nayo, mudala," anatero atcheya mokweza.

"Ikulira mwachilendo," anatero amalume.

"Taikonzakonza," anayankha atcheya.

Amalume anasiya mkono wa mwana wawo n'kuika zikhatho pa boneti. Anayenda pang'onopang'ono akusisita. Atafika pa chitseko cha wokwera anaima. Anachikweza pang'ono m'mwamba asanakoke, ndipo chinatseguka mosavuta, chitseko chimene atcheya ankalimbana nacho masiku onse. Anapapasa mkati mpaka anapeza chopukusira galasi. Chogwirira chake chinali chamtengo, chosema ndi mpeni.

"Ichi ndinasema ndine," anatero. Anapisa dzanja n'kukhudza mpando, kenaka chiwongolero. Kuwala kuja kunachoka pankhope pawo. "Chitseko ndi changa. Nanga chikutani pa galimoto ya eni ake?"

Atcheya anayamba kutsokomola. Ndinafotokoza ndine, zonse, kuyambira pa matope mpaka pa penti yoyera. Amalume anamvetsera dzanja lili pa chitsekocho. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Bambo inu," anatero potembenukira kumene kunkamveka atcheya, "muli ndi masipanala?"

Atcheya anaseka, akuyesa nthabwala. Palibe anawathandiza kuseka. Anatulutsa bokosi lawo kuseri kwa mpando. Amalume anasankha sipanala ndi zala, anagwada m'fumbi ndi chifuwa chawocho, n'kuyamba kumasula mabawuti a chitseko. Anthu a m'mudzi anasonkhana. Mwana wawo anafuna kuwalandira, iwo anamukankha ndi chigongono. Bawuti iliyonse ankaiika m'thumba la malaya.

"Gwira," anandiuza, itatsala imodzi.

Ndinagwira. Chitseko chinagwera m'manja mwanga, cholemera, chotentha ndi dzuwa.

"Ndichikweze kumbuyo, amalume," ndinatero. "Ndikachibwezera pamalo pake. Giyabokosi ndaipeza. Zinazo ndilimbana nawo mpaka abweze."

Anadzuka movutika, akupuma mwaphuma. "Ayi. Mupatse mnzakoyo alowetse m'nyumba." Ankanena mwana wawo wamkulu uja, amene anamudumpha pondipatsa kiyi. "Ndinkayesa kuti ndasankha bwino."

Msuweni wanga anachilandira m'manja mwanga osandiyang'ana. Sanamwetulire n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe chake chonse. Amalume analowa m'nyumba pambuyo pa chitseko chawo. Akazi awo anatipempha kuti tidikire chakudya, koma ine ndinakana n'kutsanzika.

Tinabwerera ine nditakhala mbali yopanda chitseko, nditagwira mpando ndi manja onse kuti ndisagwe, fumbi likundilowa m'kamwa. Ana a m'njira ankatiloza n'kumaseka. Atcheya anadandaula mtunda wautali za ulemu umene wasowa masiku ano, ndi kuti chitseko china achipeza kuti. Titayandikira tauni, mapiri a Chipata akuoneka, anayeretsa kukhosi n'kulankhula ndi mawu awo ofewa aja.

"Manje aticha, poti mudala watero, ija giyabokosi ya ku Mchinji muchita nayo chiyani? Yanga yayamba kulumpha giya yachitatu."

Loweruka lotsatira anafika pakhomo ndi wilibala, atanyamula nthochi. Ndinawachotsera lona ndekha, chifukwa panalibenso munthu woti ndimusungire.